Loya pa mlandu wothyola nyumba: zimene tinalipira ndi zimene tinapeza

Chithereni mlandu wa mwana wa malemu achimwene anga, amayi anzanga a kumsika wa Limbe ndi a kumpingo akhala akundifunsa funso limodzi: ndalama zonse zija munapereka kwa loya zinagwira ntchito? Ndaona kuti ndilembe, aliyense awerenge yekha. Zinagwira ntchito, ndipo wina wa kwathu atagwanso m'vuto lotere ndikhoza kukagogodanso pakhomo lomwelo. Koma si zonse zimene zinandikomera, ndipo chifukwa ndikhala ndikudandaulanso, dzina la ofesiyo ndilisunga. Ndi kaofesi kakang'ono m'tauni ya Blantyre, pamwamba pa sitolo: maloya awiri, kalaliki mmodzi ndi mtsikana wolandira alendo. Amene anagwira mlandu wathu ndi mayi, wamkulu pa awiriwo.

Mnyamatayu ndi kalipentala, wa zaka 23. Ankagwira ntchito kwa bambo wina amene ali ndi shedi yokhomera mipando kuseri kwa nyumba yake. Malipiro anayamba kubwera modukizadukiza, kenako anasiyiratu kwa miyezi ingapo. Atakangana, bwanayo anamuthamangitsa n'kukhoma loko pa shedi, zipangizo za mnyamatayo zili momwemo: puleni, sowo, sikweya ndi matchizulo amene bambo ake anamusiyira. Usiku wina anapitako, n'kumasula waya amene ankamangira chitseko chakumbuyo, n'kulowa. Anatenga zipangizo zake, n'kutenganso girayinda ya bwanayo. Kutacha anamutumizira uthenga pa WhatsApp: "Bwana, girayinda ili ndi ine. Mundipatse ndalama zanga, mudzaitenge." Dzuwa lisanalowe anali m'chitokosi.

Pepala la mlandu linali ndi milandu iwiri: kuthyola nyumba usiku, pa gawo 309 la Penal Code (buku la malamulo a milandu ndi zilango zake), ndi kuba, pa gawo 278. Anzake a m'chitokosi anali atamulangiza kale kuti akangovomera, akapemphe chifundo, zithe msanga. Akuluakulu a kubanja nawonso maganizo awo anali omwewo: katundu anatengadi, mwiniwake sakukana, loya wachiyani? Ine mtima sunandilole. Mchemwali wake wa ku Johannesburg atamva, anatumiza ndalama pa Mukuru n'kundiuza kuti, "Azakhali, pitani mukafunse kaye kwa odziwa." Akanavomera pepala lija mmene linalembedwera, bwenzi atavomera chinthu chimene sanachite, ndipo ndalama yathu inagwira ntchito pamenepa.

Kukumana koyamba kunali K40,000, kulipiriratu kwa mtsikana wa pakhomo, ndipo risiti anandipatsa ndisanaipemphe. Ndinkayembekezera kuti a loya ayamba ndi kundilimbitsa mtima. Sanatero. Anatenga kope la pepala la mlandu, cholembera chofiira, n'kuyamba mafunso amene poyamba ndinaona ngati osafunika. M'shedimo mumagona munthu? Mlonda amagonamo nthawi zina? Shediyo inalumikizika ndi nyumba yaikulu, kapena pali mpata pakati? Chitseko chinali chotseka kapena chotsegula? Inali nthawi yanji? Anakumana ndi munthu? Ananyamula chikwanje, mpeni, chitsulo chilichonse? Zimene sindinkazidziwa ankazilemba pambali kuti akamufunse mwiniwake kupolisi, ndipo anapitadi tsiku lomwelo madzulo.

Kenako anajambula mizere pansi pa mawu a mlandu woyamba n'kuika manambala. "Mayi," anatero, "mlandu uli ngati mphika pa mafuwa. Boma liyenera kuika mafuwa onse. Limodzi likasowa, mphika sukhala." Pa gawo 309 anawerenga zinthu zisanu: kuti munthu anathyola, kuti analowa, kuti malowo ndi ogonamo anthu, kuti polowa anali ndi cholinga chochita mlandu waukulu monga kuba, ndiponso kuti unali usiku. Zinayi zoyambazo zikakwanira koma kuli masana, ndi mlandu wothyola nyumba basi. Zikachitika usiku, mlandu umalemera. Usiku wake si wongoyang'ana dzuwa ayi, lamulo lili ndi maola ake amene linaika. Chilango chapamwamba chimene chinalembedwa pa gawoli ndi imfa kapena kukhala kundende moyo wonse. Nditamva zimenezo miyendo inazizira. Anandiuza kuti makhoti safika pamenepo pa milandu wamba, koma kuti kuchokera pa chigamulo cha High Court cha 1994, cha Justice Dunstain Mwaungulu, woweruza amayambira pa zaka 6, n'kumakweza kapena kutsitsa malinga ndi mmene zinachitikira. Zaka 6 kwa mnyamata amene anzake ankamuuza kuti angovomera zithe msanga.

Ine ndinathamangira kunena kuti sanathyole kanthu, loko ali bwinobwino, anangomasula waya. A loya anatsegula gawo 308 n'kundiwerengera pang'onopang'ono, akumasulira m'Chichewa. Kuthyola, pamaso pa lamulo, sikufuna kuti chitseko chiphwanyike. Kutsegula ndi kiyi, kukankha, kukoka, kunyamula chitseko kapena windo imene inali yotseka, konseko ndi kuthyola. Ngakhale chitseko cha m'kati, chochokera pabalaza kulowa kuchipinda, chimawerengedwa. Munthu wolowa mwa chinyengo, monga wonamizira kuti wabwera kudzawerenga mita ya madzi, kapena woopseza kuti amutsegulire, kapena wopangana ndi wantchito wa m'nyumbamo kuti asiye chitseko chosakhoma, lamulo limamutenga kuti wathyola. Kulowa nakonso sikufuna thupi lonse. Dzanja likangodutsa pa windo, kapena ndodo ya ngowe ija amawedzera zovala ndi mafoni pa mabagala, munthu walowa kale. Choncho pa waya uja panalibe pothawira, ndipo anandiuza mosapita m'mbali kuti sadzataya nthawi ya khoti kutsutsa zimenezo.

Ndinawakonda pamenepa. Pali anthu amene ukawapatsa ndalama amakuuza zokoma zokhazokha. Mayiwa ankasiyanitsa pamene tingalimbe ndi pamene tagonja kale, ndipo ankanena nkhope ili gwa.

Pamene tinalimba ndi pa funso loyamba lija, loti m'shedimo mumagona munthu kapena ayi. Gawo 309 limateteza malo okhalamo anthu: nyumba, tenti, ngakhale bwato ngati anthu amagonamo. Shedi yokhomera mipando, sitolo, ofesi, sukulu, mosungira katundu, zili ndi gawo lake, 311, ndipo chilango chake chapamwamba ndi zaka 10. Ngakhale kanyumba koyandikana ndi nyumba yogona, kogwiritsidwa ntchito ndi banja lomwelo koma kosalumikizika nayo, kamagwa m'gawo 311. Anatuma kalaliki wawo kukajambula malowo ataima pamsewu. Zithunzi zinaonetsa shedi ya malata itaima payokha, mpata wodutsa wilibala pakati pa iyo ndi nyumba yaikulu. Ndi zithunzizo, komanso sitetimenti ya bwana mwiniwake imene inanena kuti anadziwa za nkhaniyi m'mawa atapita kukatsegula, a loya anakambirana ndi wapolisi woimira boma pa milandu. Tsiku lowerenga mlandu, woimira bomayo anapempha khoti kuti asinthe pepala, gawo 309 lichoke, lilowe 311. Umboni usanayambe n'komwe, mawu oti imfa ndi moyo wonse anali atachoka pa dzina la mwana wathu. Ndikawerengera ndalama zonse zimene tinapereka, ndimaona kuti zinabwerera pa tsiku limenelo.

Mafunso a chikwanje ndi mlonda aja ndinadzamvetsa pambuyo pake. Munthu akaba n'kugwiritsa ntchito mphamvu kapena kuopseza wina, pa nthawi yakubayo, itatsala pang'ono kapena itangotha, mlandu umasanduka kuba moopseza, gawo 300 ndi 301. Pamenepo ndi zaka 14, ndipo ngati anali ndi chida, kapena anali ndi anzake, kapena anavulaza munthu, chilango chimafikanso pa imfa kapena moyo wonse. Mnyamata wathu anapita yekha, chimanjamanja, ndipo sanakumane ndi aliyense. Akanangokankha mlonda pothawa, bwenzi nkhani ili ina.

Nthawi yaitali inathera pa kuba kwenikweniko, chifukwa gawo 311 limafuna kuti munthu akalowa achitemo mlandu waukulu, ndipo pa ife mlanduwo unali kuba. Gawo 271 limati wakuba ndi amene watenga chinthu cha wina mwa chinyengo, alibe ufulu uliwonse pa chinthucho, kapena amene wasandutsa chinthu cha wina kukhala chake kapena cha munthu wina amene si mwiniwake. Kutenga kwake ndi kusuntha: chinthu chikangosunthidwa ngakhale pang'ono, chatengedwa, sikuti mpaka utuluke nacho pageti. Ndiye pali gawo 8, limene a loya analitchula kawirikawiri. Limati munthu sapalamula mlandu wokhudza katundu ngati anachita zimenezo akukhulupirira ndi mtima woona kuti ali ndi ufulu pa katunduyo, popanda cholinga chobera wina. Sikuti ufuluwo ukhaledi woona. Chofunika ndi chakuti iye ankakhulupiriradi, osati kungopeka atagwidwa.

Pa puleni, sowo ndi matchizulo, gawo limeneli linali linga lathu. Koma kunena kuti ndi zanga sikokwanira, bwana nayenso ankati ndi zake. A loya anandituma kunyumba kukafufuza chilichonse chosonyeza umwini. M'chikwama cha malemu achimwene tinapeza risiti yofiirira ya puleni, ya zaka zambiri zapitazo, dzina lawo likuonekabe. Pa zigwiriro za matchizulo panali zilembo ziwiri za dzina lawo zimene anazitentha ndi msomali wamoto, monga amachitira akalipentala akale. Mayiwa anapita kupolisi kumene katunduyo ankasungidwa ngati umboni, n'kukaona zilembozo ndi maso awo asanazitchule m'khoti. Anaitanitsanso mkulu wina amene ankakhoma limodzi ndi achimwene kuti adzakhale mboni. Ine sindikanaganiza kuti kapepala kakale kangapulumutse munthu, ndipo ndikupempha amisiri onse ogwira ntchito kwa eni ake: zipangizo zanu ikani chizindikiro, malisiti sungani.

Girayinda ndiye inali minga. Mnyamata ankati, "Koma amayi, ine sindinkafuna kukhala nayo, ndinalemba ndekha kuti adzaitenge." A loya anamuyankha kuti, "Achimwene, uthenga wanuwo ukukuthandizani mbali ina, mbali ina ukukumangani." Anafotokoza kuti anthu ambiri amaganiza kuti kuba ndi kutenga chinthu kuti usadzabwezenso basi. Imeneyo ndi njira imodzi chabe mwa zisanu zimene gawo 271 limatchula. Kutenga chinthu cha wina kuti chikhale chikole ndi chinyengo. Kuchipereka kwa wina pa pangano limene mwina sudzatha kulikwaniritsa kuti chibwerere, monga kuchipinyolitsa, ndi chinyengo. Kuchigwiritsa ntchito mwa njira yoti sichingabwerere mmene chinalili, ndi chinyengonso. Ndipo pa ndalama lamulo limalimba kwambiri: ukatenga ndalama za wina n'kuzigwiritsa ntchito mmene ukufunira, ngakhale mumtima uli ndi cholinga chodzabweza, waba.

Chomalizachi ndinapempha kuti abwereze, chifukwa ndine msungichuma wa banki mkhonde ya amayi a kumsika, ndipo ndaona magulu angati akupasuka pa nkhani imeneyi. Munthu wasunga bokosi, mwana wadwala kapena katundu wotchipa wapezeka, n'kutapamo kuti adzabweza Lachisanu lisanafike. Ambiri amene amachita zimenezi samadziona ngati akuba, ndipo anzawo ena amawaikira kumbuyo kuti anangobwereka. Lamulo silikuona choncho. Chimodzimodzi mnyamata wogulitsa m'golosale amene amatapa m'kabati n'kumati abweza pa malipiro; iyeyo ndiye mlandu wake ndi wolemera kuposa kuba wamba, chifukwa kuba kwa wantchito kuli ndi gawo lake, 286. Kuba wamba, pa gawo 278, chilango chapamwamba ndi zaka 5, koma kuba ng'ombe, kuba njinga, kuba uli wantchito wa boma, zonsezi zili ndi zigawo zawozawo ndi zilango zokwererapo. Nditabwerera ku gulu lathu ndinawafotokozera amayi zimenezi, ndipo tinagwirizana kuti makiyi a bokosi azikhala ndi anthu atatu osiyana.

Pa girayinda, a loya anati ayesa kuuza khoti kuti mnyamatayo ankakhulupirira moona mtima kuti ali ndi ufulu woigwira mpaka alipidwe, ndipo uthenga wa m'mawa uja ukusonyeza kuti sankabisa. Koma anatichenjeza kuti mwayi wake ndi wochepa, chifukwa mawu oti "mundipatse ndalama zanga, mudzaitenge" ndi mawu a chikole enieni, ndiponso kupita usiku kumapangitsa woweruza kufunsa kuti ngati unkadziwa kuti uli ndi ufulu, bwanji sunapite masana. Anamufotokozera njira ziwiri, kuvomera pa girayinda yokha kapena kukana zonse n'kusiya boma libweretse umboni, ndi zotsatira za njira iliyonse. Sanamusankhire. Iye anasankha kukana, popeza pepala linaphatikiza zipangizo zake ndi girayinda ngati katundu mmodzi wakuba, ndipo kuvomera kukanatanthauza kuvomera kuti anaba matchizulo a bambo ake.

Panalinso mnzake wina amene anasunga girayindayo usiku umodzi. Ife sitinkamuganizira n'komwe. A loya ndiwo anati mnyamatayo asamale, chifukwa kulandira kapena kusunga katundu ukudziwa, kapena uli ndi chifukwa chokhulupirira, kuti ndi wakuba, ndi mlandu pawokha pa gawo 328. Anaonjezera kuti munthu akapezeka ndi katundu amene wangobedwa kumene n'kulephera kufotokoza bwino mmene anamupezera, khoti likhoza kuganiza kuti ndiye wakubayo kapena wolandira. Ogula mafoni otchipa m'mbali mwa msewu wa ku Limbe amve pamenepa. Mwamwayi mnzakeyo anangoitanidwa ngati mboni.

Za belo anazigwira mwachangu, ndipo apa ndilibe dandaulo. Anatikumbutsa kuti gawo 42 la malamulo aakulu a dziko lino limati womangidwa afikitsidwe kukhoti pasanathe maola 48, ndipo ali ndi ufulu wokhala chete komanso wotengedwa ngati wosalakwa mpaka khoti litamupeza wolakwa. Anatiuzanso kuti belo ya kupolisi salipira, wina akatipempha ndalama tikane. Belo inaperekedwa ndi khoti. Ine ndi amalume ake tinamuimira, titanyamula ziphaso zathu za unzika, ndipo analamulidwa kumakaonekera kupolisi pa masiku oikika. Amalume akewo anafuna kuti tikapepese kwa bwana ndi kenakake m'manja kuti akachotse mlandu. A loya anakaniza. Anati mlandu wotere ukafika kukhoti ndi wa boma, mwini katundu sangauchotse yekha khoti lisanavomere, ndipo kupereka ndalama mobisa kuti mboni ikhale chete kukhoza kubala mlandu wina pa ife tomwe.

Tsopano zimene sizinandikomere. Choyamba ndi ndalama, osati kuchuluka kwake kokha koma kafotokozedwe kake. Tinagwirizana K550,000 ya mlandu wonse, theka poyamba, theka umboni ukamayamba. Ine ndinamva kuti "wonse" ndi wonse. Koma mlandu ukaimitsidwa, mwina mboni ya boma sinabwere, mwina woweruza ali ku msonkhano, kalaliki ankatumiza uthenga wopempha ya mafuta a ulendo wotsatira. Pamapeto zoonjezerazi zinafika pafupifupi K90,000. Nditafunsa, anandionetsa kalata ya pangano imene ndinasaina, ndipo zinalembedwamodi. Vuto ndi loti kalatayo inali ya masamba atatu, m'Chingerezi cha maloya, ndipo palibe amene anandiwerengera ndime imeneyo. Mayi amene anatha ola lathunthu akundimasulira gawo 308 m'Chichewa chomveka akanathanso mphindi zisanu kundimasulira pangano la ofesi yawo. Amene mukupita kwa loya aliyense, funsani musanasaine: mlandu ukaimitsidwa ndilipiranso? Mafuta, mafotokope, apilo, zili m'kati kapena ayi?

Chachiwiri ndi foni. Mayiwa ukakhala nawo maso ndi maso amakupatsa mtima wonse, koma ukachoka, kuwapeza ndi ntchito. Foni imangoitana, uthenga umawerengedwa osayankhidwa, ndipo mtsikana wa pakhomo yankho lake ndi limodzi, "ali kukhoti." Ndikudziwa kuti alidi kukhoti, ndipo si ife tokha amene tinali ndi mlandu. Koma banja limene mwana wake akuyembekezera chigamulo siligona tulo, ndipo mzere umodzi wonena kuti tsiku lasintha ukanatipulumutsa ulendo wa minibasi wopita kukhoti n'kukapeza kuti mlandu kulibe.

Chachitatu chinandipweteka kwambiri. Tsiku lina mayiwa anali ndi mlandu ku High Court, n'kutumiza loya wamng'ono uja m'malo mwawo. Anafika akutsegula fayilo pakhonde la khoti, n'kundifunsa ine kuti girayinda inali ya ndani. Mwamwayi tsikulo mboni sinabwere ndipo panalibe chimene chinaonongeka. Nditakadandaula, mayiwa anapepesa popanda kudzikhululukira, ndipo sizinachitikenso. Komabe munthu akalipira kuti amuimire wakuti, ayenera kuuzidwa pasadakhale ngati kukubwera wina.

Tsiku lofunsa bwana uja mafunso ndi limene ndinaona ntchito yawo yeniyeni. Sanakweze mawu. Anamupatsa tchizulo chimodzi n'kumupempha kuti awerengere khoti zilembo za pa chigwiriro. Bamboyo anazungulitsa tchizulocho m'manja, n'kuwerenga. Anamufunsa ngati zilembozo zili m'dzina lake. Anati ayi. Anamufunsa ngati mnyamatayo anabwera ndi zipangizo zake poyamba ntchito, ndipo atazengereza anavomera. Anamufunsa za malipiro, mwezi ndi mwezi, akudikira wotanthauzira amalize asanapitirize, mpaka bamboyo anavomera yekha kuti ngongole ilipo. Woimira boma anayesa kutsutsa kuti nkhani ya malipiro ndi ya khoti lina, koma a majisitireti analola, poti inkakhudza zimene zinali mumtima mwa woimbidwa mlandu pamene ankatenga katunduyo.

Chigamulo chinabwera monga a loya ananenera. Pa zipangizo, khoti linati panalibe kuba, ndipo linalamula kuti zibwezedwe kwa mnyamatayo. Pa girayinda linamupeza wolakwa pa gawo 311, ponena kuti ngongole ya malipiro sipatsa munthu ufulu wolowa m'shedi ya wina usiku n'kudzitengera chikole. Podandaula kuti chilango chichepe, mayiwa anali atakonzeka: ndi koyamba kupalamula, ndi wachinyamata, katundu anabwezedwa ali bwinobwino, sanaononge kanthu, anaulula yekha kumene kunali girayinda, ndipo amasamalira mayi ake ndi azing'ono ake. Anatchula zigawo 339 ndi 340 za Criminal Procedure and Evidence Code (lamulo la kayendetsedwe ka milandu), zimene zimauza khoti kuti wopalamula koyamba lisathamangire kumutsekera ngati pali njira ina yoyenera. Anapatsidwa miyezi 18, koma yoimitsidwa kwa zaka 2: ali kunyumba, koma akangopalamula m'zaka ziwirizi akagwira ukaidi. Ena kubanja anati ndiye loya wathandiza chiyani poti wapezekabe wolakwa. Ine ndimawafunsa kuti akanakonda chiyani, zimenezi kapena kunyamula phukusi la chakudya kupita ku Chichiri kwa zaka zingapo. Chimene chatsala n'chakuti dzina lake lili m'mabuku, ndipo tsiku lina akadzafuna kalata ya kupolisi yofunsira ntchito zidzaoneka. A loya anamuuza zimenezi poyera, n'kumuuzanso kuti ali ndi ufulu wochita apilo, koma iwo sakuona kuti ingapindule.

Lamulo la Penal Code ndi lakale, linayamba kugwira ntchito mu 1930 dziko lino lidakali Nyasaland, ngakhale lakhala likusinthidwa apo ndi apo. Kwa ine, kusiya mawu oti imfa pa mlandu wothyola nyumba mmene simunavulale munthu ndi kulemetsa dzanja mopitirira. Koma sindikupeputsa mlanduwo. Amene anadzukapo pakati pa usiku n'kumva chitseko chikusunthidwa, ana ali m'tulo, amadziwa chifukwa chake nyumba yogonamo anthu inapatsidwa gawo lakelake losiyana ndi shedi. Chimene chimandiopsa ndi cha m'makwalala mwathu, mmene munthu akangokuwa kuti "wakuba!" anthu amathamangira matayala ndi petulo. Pamenepo palibe amene amafunsa kuti matchizulo ndi a ndani. Mwana wathu akanagwidwa usiku uja atanyamula thumba, sindikudziwa ngati tikanafika n'komwe kwa loya.

K680,000 si ndalama imene banja lililonse lingapeze, ndipo ifenso popanda mchemwali wake sitikanakwanitsa. Amene mulibe, musavomere mlandu chifukwa chosowa ndalama. Kuli Legal Aid Bureau, imene inayamba ntchito mu 2015 kuti iziimira anthu osowa, ndipo ili ndi maofesi ku Blantyre, Lilongwe, Mzuzu, Zomba ndi m'maboma ena. Kuli a PASI (Paralegal Advisory Service Institute), alangizi a zamalamulo amene si maloya, amene chiyambire 2000 amayendera ndende, mapolisi ndi makhoti kufotokozera omangidwa za milandu yawo ndi za belo. Amene amawerenga Chingerezi akhoza kupeza Penal Code yonse pa MalawiLII pa intaneti, mwaulere. Ndipo ngati mungakwanitse ndalama yochepa chabe, lipirani kukumana koyamba kokha, mutanyamula kope la pepala la mlandu. Pa zonse zimene tinagula ku ofesi ija, ola loyamba lija la K40,000 ndi limene linali lotchipa kuposa phindu lake. Woweruza nayenso ali ndi udindo woonetsetsa kuti wovomera mlandu akumvetsa zimene akuvomera, koma m'khoti modzaza anthu, mnyamata wamantha amangoti "ndikuvomera" pa chilichonse chimene wotanthauzira wanena.

Malipiro a mnyamata aja amene bwana sanamupatse sanali m'pangano lathu, ndipo a loya ananeneratu kuti akawatsatira iwo ndi ndalama ina. Anatilangiza kuti tiyambire ku ofesi ya zantchito ya m'boma, kumene salipiritsa, ndipo zikakanika nkhani ipite ku Industrial Relations Court, khoti la milandu ya zantchito, kumene munthu akhoza kudziyankhulira yekha. Anatipatsa kope la zimene bwana uja anavomera m'khoti za ngongoleyo kuti tikaonetse, osatilipiritsa fotokope. A ofesi ya zantchito anaitana mbali zonse ziwiri, bwanayo anasaina kuti azilipira pang'onopang'ono, ndipo gawo loyamba analipira kudzera pa Airtel Money. Mnyamatayo pano akukhoma mabenchi ndi timatebulo pansi pa mtengo wa mango kwa mayi ake ku Bangwe, ndipo ndalama imeneyo wagulira matabwa.